Boti Liume Masiku Asanu

Lachinayi m'mawa lole inatsitsa boti loyera, lokhala pa kangolo ka matayala awiri, pachipata cha damu la kalabu yathu ya ulimi wothirira kuseri kwa Milonde, n'kusiya pamenepo amuna awiri amene sanamvanepo chiyambire ali pa esiteti ya tiyi: a Robson, amene ankayendetsa thalakitala ndipo penshoni yawo yonse anali ataithira m'botimo kuti aziyendetsa anthu pamadzi, ndi a Honest, amene anatha zaka makumi awiri pasikelo akusanthula madengu a tiyi, pano ndi mlonda wa damu. Loweruka unali ukwati wa Annie, mwana wamkazi mmodzi yekhayo wa a Robson, ndipo bambo akewo anali atalengeza kale mpaka kwa asewere awo ku Chonde kuti akwatiwo adzajambulitsa ali m'boti pakati pa damu.

"Tsegulani chipata, a Honest, boti lafika," anatero a Robson, akutsitsa m'botimo beseni lophimbidwa ndi chiguduli chonyowa n'kuliika pamthunzi mosamala ngati khanda.

"Ndaliona. Lachokera kuti?"

"Ku Shire, kumunsi uko cha ku Chiromo. Si bwato wa asodzi uwu ayi. Alendo ankakweramo kukaona mvuu."

"Ndiye kuti lachokera m'madzi."

"Ayi, lachokera mumtengo wa mango! Abale, boti lingachokere kuti?"

A Honest anayang'ana boti, anayang'ananso mtengo wa mango umene unali pambali pa chipata.

"Poyamba mwati ku Shire. Tigwire chiti?"

"Ku Shire, ku Shire! Tsegulani!"

"Nanga m'besenimo muli chiyani?"

"Katundu wa ukwati. Sizikukukhudzani."

"Zoona, katundu si boti," anavomera a Honest. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lokulungidwa m'jumbo ya shuga, analitambasula pang'onopang'ono, n'kuwerenga ngati ali paguwa. "Boti lililonse lochokera m'madzi ena lisalowe m'damu pokhapokha litatsukidwa kutali ndi damu ndi kuchotsedwa zomera zonse zomatirira, madzi onse a m'kati atakhuthulidwa, ndipo litauma masiku asanu."

"Walemba zimenezo ndani?"

"Komiti, alangizi a za nsomba atabwera muja. Inuyo munasayina."

"Ndinasayina kuti ndabwera kumsonkhano!"

"Munkawodzera, koma dzanja linasayina. Apa, pansi pa dzina la amayi a Sungani."

"Ndiye mukuti boti langa ndi lauve? Boti limene ndaligula ndi thukuta la zaka makumi atatu?"

"Sindikuti lauve. Ndikuti lachokera m'madzi ena. Akuti kuli chomera, namasupuni."

"Wa pa wailesi uja? Wozimitsa magetsi?"

"Yemweyo. Akuti kachidutswa kamodzi kakangolowa, damu lonse limatsekeka. Nsomba zimabanika, mapaipi othirira amatsekeka, kabichi wanu ndi wanga yemwe auma. Nachi chithunzi chake."

A Robson anasuzumira. Pepalalo linali litadutsa m'makina a fotokope kambirimbiri moti chithunzicho chinangotsala chibanga chakuda bii.

"Ichi ndi chitosi cha nkhuku."

"Pansi pake alemba kuti namasupuni."

"Inuyo munamuonapo namasupuniyo ndi maso?"

"Ndikumuona pano," anatero a Honest, akuloza chibangacho.

A Robson anapuma mozama. Munthu ameneyu, mukanamuona masiku a thalakitala, sankaima pachipata chilichonse. Ankangoliza hutala, alonda n'kumathawa okha. Tsopano anatsitsa mawu, n'kuyandikira.

"Achimwene, tiyeni tiyankhulane ngati akuluakulu. Kukhosiko sikunaume? Ka fanta?"

"A kuchipatala anandiletsa za shuga."

"Aaa, inu! Sindikunena fanta weniweni."

"Wabodza ndiye woopsa kuposa weniweni. Musamwe zimenezo, a Robson, muli ndi ukwati."

"Mayo ine!"

A Honest anali atagwada kale. Anatulutsa kamtengo ka machesi n'kuyamba kutokosa m'mphepete mwa boti, m'mabowo a misomali, m'mizere ya matayala a kangolo, mphuno ili pafupifupi kukhudza utoto.

"Mukufuna chiyani mmenemo, nsabwe?"

"Pepala silikunena za nsabwe."

"Simunasinthe ndithu. Si inu munabweza dengu la akazi anu omwe pasikelo, anthu onse akuona?"

"Munali masamba atatu ndi nsonga. Lamulo linali masamba awiri ndi nsonga."

"Munagona pakhonde sabata yathunthu!"

"Masiku anayi. Lachisanu lake anandilowetsa n'kundipatsa kalongonda wosapsa, nyemba zoledzeretsa zija. Ndinaona phiri likuyenda." Anaimirira, atanyamula kenakake pa kamtengo kaja. "Nachi."

"Ulusi umenewo!"

"Muzu."

"Ulusi!"

"Ulusi sumera tsitsi. Litsukeni."

"Chabwino, ndimve kupepuka. Patseni ndowa, nditunge m'damumo, ndilitsukire pagombe pompo."

"Madzi otsukirawo apita kuti?"

"M'damu, nanga apite kuti?"

"Ndiye mwatsuka boti kapena mwadyetsa damu? Uko, kuseri kwa chulu. Madzi akatungidwe pamjigo."

"Pamjigo? Kumtunda konse kuja? Ndili ndi zaka sikisite-thuu ine!"

"Pepala silinafunse zaka."

Anakankha kangolo awiriwo kupita kuchulu, a Robson akung'ung'udza m'Chilomwe zinthu zimene sindingazibwereze pano. Tayala litagunda mwala, pansi pa mpando wakumbuyo panamveka kuti khuvu, khuvu.

A Honest anaima. "Chalira n'chiyani?"

A Robson anatsokomola mwamphamvu. "M'mimba mwanga."

"Zamveka ngati madzi."

"Ndamwa tiyi wambiri, n'kudya chinangwa chozizira. Kankhani!"

"Mupite kuchipatala cha Mishoni akakuoneni. M'mimba mwa munthu simuyenera kumveka patali chonchi."

"Ndipita. Kankhani, ndati!"

Ndowa zisanu ndi ziwiri a Robson anatunga. Anakwecha boti ndi mchenga, anakwecha kangolo, anakwecha ngakhale nkhafi, mpaka malaya awo a ulendo ananyowa chowe. A Honest ankatola kalikonse kogwa pansi n'kukaika pa lata kuti kakawotchedwe. Kenako anayenderanso ndi kamtengo kawo ka machesi, kawiri.

"Loyera," anagamula.

"Ambuye alemekezeke! Tsegulani."

"Kwatsala kuuma. Masiku asanu."

"Dzuwa lili apa, pofika masana likhala litauma gwa!"

"Likhala litauma tsiku limodzi. Lero Lachinayi, ndiye Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, Lolemba. Lachiwiri m'mawa mudzandipeza pompano ndi kiyi."

"Ukwati ndi Loweruka!"

"Ndikudziwa, ndinalandira khadi. Ndidzavala suti yanga ya bulawuni."

"Ndiye akwati adzakwera chiyani?"

"Ine ndinakwera njinga. Banja lilipobe."

A Robson anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo. Kenako anayang'ana kum'mawa, kumene mitambo yotuwa inali itayamba kuunjikana cha ku Mozambique.

"Nanga chiperoni chikagwa?"

"Boti linyowa."

"Likanyowa?"

"Tiyambiranso pa tsiku loyamba."

"A Honest! Kuno ku Mulanje, mwezi wa Juni, munaonapo masiku asanu otsatizana opanda chiperoni? Thewera la mwana limatha sabata pachingwe! Boti limeneli lidzalowa m'madzi mu Okutobala!"

"Mwinanso Seputembala. Musataye mtima."

Apa ndiye a Robson anakhala pansi pachulu, mphamvu zonse zitawathera. Ine amene ndikukusimbiraniyu ndimawadziwa bwino akuluwa, ndi munthu wamakani osasimbika, koma tsiku limenelo anandimvetsa chisoni.

"Mverani, achimwene," anatero ndi mawu otsika. "Annie anakulira m'malayini a kampani, chipinda chimodzi tonse. Sindinamugulirepo ngakhale kanjinga. Ali wamng'ono ankaima pa damu la esiteti kuonerera ana a mabwana akupalasa boti, iye ali kuseri kwa waya. Ndinamuuza kuti mwanawe, tsiku lina udzakwera la bambo ako. Lero ndalibweretsa, ndiye akaime kuseri kwa waya kachiwiri? Zikundiwawa, a Honest. Zikundiwawa kwambiri."

A Honest anapinda pepala, analitambasulanso.

"Annie ndinamuona akukwawa. Nanenso zandikhudza."

"Ndiye tsegulani."

"Koma pepala silinamuone akukwawa."

"Ha! Tsoka ilo! Ndavutika nalo boti ili ngati ndinaba. Lole kufera pa Thabwa, ine kugona pansi pa lole masiku asanu kudikira chitsulo chochokera ku Limbe, dzuwa la ku Chikwawa likundiwamba ngati mlamba, ndiye ndifike kwathu..."

"Masiku angati?"

"Asanu! Loweruka mpaka dzulo!"

"Boti linali kuti?"

"Pamwamba pa lole, nanga likanapita kukagula mandasi?"

"Kunagwa mvula?"

"Ku Chikwawa? Malovu amauma asanafike pansi!"

A Honest anawerenga pepala lija milomo ikugwedera, anawerenga zala zawo, anawerenganso pepala. Nkhope inawala.

"Pepala likuti liume masiku asanu. Silikunena kuti liumire pachipata pano. Madzi a lerowa ndi a pamjigo wathu, si madzi ena. A Robson, boti lanu lauma."

"Mwati bwanji?"

"Lauma. Bwanji simunanene kale? Mwatitayitsa nthawi."

Loko anatseguka kuti khethe. A Robson anadumpha ngati mnyamata, msana wowawa uja osaukumbukanso, anagwira kangolo n'kuyamba kukankha okha akuimba nyimbo ya ukwati.

"Tanditengerani beseni lija, achimwene! Samalani, ndi maluwa a mkwatibwi. Mtundu wa ukwati ndi pepo, ndiye Marjory, mkazi wanga, anandituma maluwa a pepo. Mukudziwa mtengo wake ku Blantyre? Awa ndapeza aulere!"

A Honest anavundukula chiguduli. M'beseni munali zomera zoyandama, masamba onenepa obiriwira, maluwa a pepo ali ngwee.

"Okongola," anatero. "Koma ena akufota. Madzi atha mphamvu."

"Ii, asafote! Marjory andimeza wamoyo."

"Ndiwaike m'damu, pakona apo pali mthunzi. Loweruka mudzawapeza ali bwinobwino."

"Pepala lanu lija likulola?"

"Pepala likuti zomera zomatirira ku boti. Awa sanamatirire, akhala m'beseni mwaulemu."

"Mwayamba kuganiza tsopano! Aikeni."

A Honest anasenza beseni n'kulunjika kugombe, akuyenda pang'onopang'ono kuti madzi asatayike. A Robson ankawatsatira ndi boti, pakamwa posatseka.

"Ndi maluwa olimba amenewo, musawaone choncho. Ndinanyamula theka la beseni, taonani pano ladzaza. Atulutsa ana panjira pomwe! Mwini boti anandipatsa, munthu wabwino zedi, ali ndi malo ogona alendo pathamanda lalikulu. Akuti kale madzi ake anali oyera ngati galasi, alendo pikitipikiti. Ndiye kunabwera mlendo wina ndi boti lake, zaka zitatu zapitazo. Pano maluwa okhaokha, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya lina! Nkhuku ikhoza kuwoloka osanyowa. Maboti ake atatu ali pamtunda, abakha akuikiramo mazira. N'chifukwa chake anandigulitsa motchipa, wopusa uja! Za maluwa anachita kundigwira mwendo, akuti tengani onse, bambo, mubwerenso ndi lole ina, mudzatenge..."

Kangolo kanaima. Pakamwa pa a Robson panatsala pali yasa.

A Honest anali atafika pagombe, beseni litapendekeka, duwa loyamba lili pamlomo wa beseni.

"Ndithire?"

"Ayiiii!"

Sindinaonepo munthu wa zaka sikisite-thuu akuthamanga chotero. Anawakumbatira a Honest m'chiuno cha kumbuyo, beseni ndi munthu yemwe, n'kubwerera nawo chambuyo mpaka onse awiri anakhala pansi paudzu kuti phi, beseni lili pamiyendo, duwa ngakhale limodzi osagwa.

"Mwatani kodi, a Robson? M'mimba muja?"

"Patseni pepala!"

Anazula chomera chimodzi m'beseni n'kuchitembenuza. Kunsi kwake kunali mizu yakuda bii, yanyankhalala ngati ndevu zonyowa. Anachiika pambali pa chithunzi chija.

"Chitosi cha nkhuku chija ndi mizu iyi! Ameneyu ndi namasupuni, a Honest! Ndamusenza ndekha kuchokera ku Chiromo, ndamumwetsa madzi anga akumwa pa Thabwa, ine ndikufa ndi ludzu!"

A Honest anayang'ana chithunzi, anayang'ana mizu.

"Wa pachithunziyu alibe maluwa."

"Makina anadya maluwawo!"

"Komanso sanamatirire ku boti."

"Akanamatirira ku damu! Mukanathira apa, chaka chamawa boti langali likanakhala chisa cha abakha. Penshoni yanga! Kabichi wa kalabu yonse! Anthu akanati anatipha ndani? Robson, ndi maluwa a ukwati! Akuluakulu ananena, chakudza sichiimba ng'oma."

"Ichi chinabwera pa lole."

"Nyamulani beseni, kuchulu! Aume, awotchedwe, phulusa lake likwiriridwe."

"Nanga amayi a Annie?"

"Adzanyamula maluwa a mbatata. Nawonso ndi a pepo."

A Honest anakasiya beseni kuseri kwa chulu n'kubwerera akupukuta manja. Anagwira kangolo.

"Chabwino, maluwa atha. Tiyeni tilowetse boti."

A Robson sanasunthe. Anayang'ana damu, madzi ali phee, mtambo ukuoneka m'katimo. Anayang'ana mpando wakumbuyo wa boti.

"Sililowa."

"Lalowa kale theka. Chipata ndatsegula."

"Tsekani."

"Pepala lakwaniritsidwa. Latsukidwa, lauma, mulibe madzi."

"Muli madzi."

"Ndayang'ana kawiri."

"Mwayang'ana pamwamba, ngati dengu la tiyi. Khuvu khuvu uja sanali m'mimba mwanga."

"Munati ndi chinangwa."

"Ndinanama! Pansi pa mpandowu pali mphako, ili ndi chitsekerero chake. Madzi a ku Shire akhala akulira mmenemo njira yonse. Bwezani kangolo."

Anakankhanso kubwerera kuchulu, ulendo wachiwiri. A Robson anagwada, anapisa dzanja pansi pa mpando, anazula chitsekerero. Madzi obiriwira, onunkha thope, anakhuthukira pa jombo za a Honest, ndipo m'madzimo munali timizu takuda ndi timasamba ting'onoting'ono, tamoyo ndithu.

A Honest anayang'ana mapazi awo nthawi yaitali.

"Ndiye ku Mishoni simupitanso."

"Sindipita."

"Koma mukudziwa kuti tsopano masiku ayambira lero? Mphakoyo sinaume."

"Ndikudziwa."

"Ukwati ndi Loweruka."

"Ndikudziwa, a Honest, ndine bambo wake!" Anapukuta m'maso ndi chipewa ngati akupukuta thukuta. "Asewere a ku Chonde andiseka mpaka chaka chamawa. Aseke. Annie adzakwera boti la bambo ake pompano pachulu, wojambula adzagwade pansi kuti damu lizioneka kumbuyo. Pamadzi adzayenda mu Seputembala. Bola adzapeze madzi oti ayendepo, iye ndi ana ake."

A Honest anatambasula pepala, anafufuza mzere ndi mzere.

"Silikuletsa mkwatibwi kukwera boti pamtunda."

"Zikomo kwambiri, bwana pepala."

"Ine ndidzagwira nkhafi kuti zioneke zenizeni. Ndi suti ya bulawuni." Anagwedeza phazi, thope likudontha. "Dikirani kaye nditsukuluze jombozi m'damumu, zanunkha."

Anaponya phazi limodzi, lachiwiri. Lachitatu anagunda pachifuwa cha a Robson, amene anali ataima pakati pa chipata, manja atatambasula, kiyi wa mlonda ali kale m'dzanja lawo. Pomwepo timadontho toyamba ta chiperoni tinayamba kuwaza pa zipewa zawo.

"Jombo si boti, a Robson. Pepala likuti..."

"Zachokera m'madzi ena. Vulani, mukatsuke kuchulu ndi madzi a pamjigo, ziume masiku asanu. Ndipo taonani kumwambaku, achimwene: tiyamba kuwerenga mawa."